Mchira wa Kamawanga, Mphuno ya Sakhwi

Padangotero, chaka chimene chiswe chinasowa m'zulu, njala inamufikitsa Sakhwi, kambewa kaliwiro kaja, pakhomo pa Nyalugwe. Mayi Nyalugwe anangomuti gwi! n'kumuponyera mwana wawo Kamawanga, amene anali atangoyamba kuyenda dededede.

"Phunzirira pamenepa kugwira nyama. Pochokera kumtsinje ndidzapeze mafupa."

Kamawanga anamupana Sakhwi ndi kadzanja, dovu lili chuchuchu.

"Ndidye, mwanawe, sindikuopa," anatero Sakhwi. "Koma ukudziwa pamene pathera iwe n'kuyambira ine? Anzako anadzidya okha."

Mwana anatong'ola maso.

"Khutu lili kuti?" anafunsa Sakhwi.

Kamawanga anachotsa dzanja n'kugwira khutu. Sakhwi anasendera kuuna wa pansi pa mkuyu. Gwi! dzanja linabwerera.

"Nanga mchombo?"

Mwana anawerama kuusaka m'bweya, nagwa chagada akuseka. Sakhwi anasenderanso. Gwi!

"Wachenjera, iwe. Tsono chilape!"

"Nachize," anayankha mwana, monga ankamvera kwa amake.

"Mlendo wanga amanditsata kulikonse, ndikacheuka amathawa. Suyo kumbuyo kwakoko! Njoka!"

Kamawanga anacheuka, naona chinthu chamawanga chikugwedera. Anazungulira, nacho chinazungulira. Anachilumphira n'kuchiluma ndi mano onse.

"Mayooo! Chikuwawa!"

"Chikawawa n'chako!" anaseka Sakhwi, ali kale muuna.

Akanangopita. Koma chipongwe chinamukomera. Anatulutsa kamphuno kake, kamene masiku amenewo kanali kakafupi ngati nzama.

"Kadyamchira iwe! Nanga mphuno ili kuti?"

Kamawanga anapukuta misozi. Anayang'ana mchira wake, nayang'ana kanthu kakugwedera pauna paja. Anakaluma, nadikira kuti amve.

"Aka sikakuwawa," anatero mano ali chilumire. "Si kanga. N'kandiwo!"

Anakoka. Sakhwi anakakamira muzu wa mkuyu. Mwana anakokanso. Mphuno inatamuka, inatamuka ngati ulimbo padzuwa, mpaka inapulumuka. Mwana anagwa chokhala, phi! pamchira womwe uja.

Mayi Nyalugwe pobwera anamupeza akudzigwiragwira khutu, mchombo ndi mchira. "Ili langa, amama. Uwu wanga. Uwunso wanga, woluma ayi."

"Nanga mafupa ali kuti?"

Pansi pa mkuyu panamveka mawu a m'mphuno: "Ndikuyenda nawo, mayi! Mwanayo ndakuphunzitsirani ine. Inu munalephera!"

Mpaka lero mphuno ya Sakhwi njaitali, ndipo amaigwedeza monyada. Ukamufunsa, amati anachita kuifuna yekha. Nthano nayo yathera pamphuno pomwepo.