Bwana Nkhumba ndi Mphasa ya Thonje

Kalekale, ana inu, ndi akuluakulu amene mukunamizira kusamvera kumbuyoko, nyama zinkalima. Munda umodzi, mbewu mbwee: apa mapira, apo mawere, maungu akuyanga, nzama zili phee pansi. Njala inkangodutsa kumsewu.

Tsiku lina kunafika Bwana Nkhumba kuchokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Chimimba chake, abale! Pansi sankaponda. Ankayenda pamachira, Njati kutsogolo, Mbidzi kumbuyo, wefuwefu, wefuwefu. Ataona minda anakwinya nkhope, akuti limeneli ndi tchire. Analamula kuti mbewu zonse zamakolo zitenthedwe, aliyense adzale thonje lokhalokha m'mizere yoyeza ndi chingwe. Thonjelo n'lake, lokakwera sitima.

Nyama zinatula mbewu pamoto, misozi chuchuchu. Zimandiwawa mpaka lero, mapira onse aja. Fuko, kanyama kokhala kuuna kaja, nayenso anatula, koma nzama zina zinatsalira m'masaya. Bwana atafunsa chimene chatupitsa masayawo, Fuko anangoloza dzino n'kubuula. Mbewu yotsala m'dziko lonse inali imeneyo basi.

Mvula itagwa, pakati pa mizere ya Fuko panamera timasamba. Machira anaima.

"Iwe Fuko, udzu uwu ukutani m'thonje langa?"

"Si udzu, bwana, ndi mphasa ya thonje. Thonje lakwanu n'laulemu, silingaime padothi lotentha ngati ife."

Bwana anasuzumira pamwamba pa masamba, osaona ngala, osaona chitheba. Anakhutira kuti chimenechi sichidyedwa. Ndipo ulemuwo unamukomera zedi, mwakuti analamula kuti chaka chamawa munda uliwonse ukhale ndi mphasa, wopanda mphasa alawe chikoti. Nzamazo zitakhwima, Fuko anagawa mbewu khomo ndi khomo, masana dzuwa likuswa mtengo, molamulidwa ndi bwana mwiniwake.

Chaka chimenecho sitima inanyamula thonje, koma sinabwerenso ndi zakudya zam'chitini za bwana. Anadikira, anadikira. Mimba kulira, gwuu! Anayesa kutafuna thonje lotsala, linamukanirira kukhosi, khosokhoso. Poyang'ana Njati ndi Mbidzi, matupi awo akungonyezimira.

"Fuko mnzanga, kodi inu mukudya chiyani?"

"Lero ndakhala mnzanu, bwana? Tikudya mphasa ija. Imabereka pansi. Koma sikumbidwa munthu ali pamachira."

Bwana anatsika, phi! Njati ndi Mbidzi anayang'anana, anaponya machira patchire, liwiro la mtondo wadooka. Khasu bwana sankalidziwa kogwira kwake. Anagwada n'kuyamba kufukula ndi mphuno, fukufuku, fukufuku. Koma Fuko anali atalowa kale kuuna, akuyenda patsogolo pake pansi panthaka, akuthothola nzama n'kumapatsira anzake. Bwana akafukula apa, makoko okhaokha. Akafukula apo, makoko okhaokha. Anatha mzere, anayamba wina, woongoka bwino, woyeza ndi chingwe chake chomwe.

Mpaka lero akufukulabe. Mukapita kukhola mukamupeza, mphuno ili m'dothi, akung'ung'udza m'chilankhulo chakwawo.

Tsono mlendo akadzakuuzani kuti chakudya chakwanu ndi udzu, muyambe mwamuyang'ana m'manja ngati muli matuza a khasu. Yanga yathera pomwepa. Phulani nzamazo zisanapserere, mundigawireko.