Chikopa cha Mtsogoleri

Kalekale, nyama zisanayambe kuthawana, kunali gulu la zisangalalo lotchedwa Gwedeza. Senderani kuno ana inu. Inunso akuluakulu musanamizire kusinza, chifukwa nkhaniyi ndi yanu kuposa ya anawa.

Gwedeza sikanali kagulu ka pamudzi ayi, chinali chigulu. Kunali ovina, a zisudzo, akangaude oyenda pachingwe, ndi kwaya ya achule makumi asanu ndi atatu. Bwalo lake linali pamtunda pa dambo, pansi pa mkuyu waukulu. Loweruka lililonse masana nyama zinkachokera kuseri kwa mapiri kudzaonera, ndipo zikasangalala zinkafupa: uyu dzungu, uyu nzimbe, uyu chisa cha uchi. Pakati pa bwalo pankakhala ng'oma yaikulu, dzina lake Mgugu. Ikati du! du! du! ngakhale wodwala mutu ankadzuka pamphasa.

Mtsogoleri wa gululi anali a Nsato. Madala amenewa anapumapo pantchito katatu konse. Ankatsanzika, ochemerera n'kulira, n'kuwaperekeza mpaka kuphanga. Ikapita miyezi iwiri, umangoona udzu ukugwedera, awo abwera, afundula, thupi lili phuliphuli. "Ndamva kuti zinthu sizikuyenda," ankatero, n'kudzipindanso pampando pawo.

Koma chaka china a Nsato anakalambadi. Anaitana onse nati, "Ulendo uno ndikupita zenizeni. Loweruka likubwerali musankhe wina. Amene nthungululu zake zimveke kwambiri, mpando ndi wake."

Eee! Ochemerera anapeza chochita. Mukuwadziwa ochemerera inu. Savina, saimba, ng'oma sanaigwirepo, koma kuyendetsa gulu amakudziwa kuposa eni ake.

"Apite madalawo!" anatero Nkhanga, mayi wosatseka pakamwa. "Nyimbo zomwezomwezo chibadwire changa. Akabwera amati ndine watsopano, pomwe chasintha ndi khungu lokha."

"Iwe Nkhanga usalankhule ngati wakhuta mapira," anayankha Nungu. "Gwedeza ndi a Nsato, a Nsato ndi Gwedeza. Akachoka, ine sindidzapondanso pabwalo paja."

"Unatero chaka chijanso, koma unali kutsogolo."

"Timafuna wamaonekedwe," analowerera Pusi ali pamwamba pa nthambi. "Mtsogoleri woti akalowa, nthaka imve."

Anakangana m'mawa, anakangana masana. Uyu atchule Nyamalikiti, ena akuti ndi wamtali kwambiri, sangamve madandaulo a pansi. Uyu atchule Mbidzi, ena akuti sadziwika ngati ndi woyera kapena wakuda. Mayina anatha, mkangano osatha.

Apa ndi pomwe anatulukira a Mvuu. A Mvuu sankadziwa nyimbo ngakhale imodzi. Pabwalo ankafika magule akutha, nthawi yotolera zofupa, n'kuima poteropo malovu ali chuchuchu. Mumtima ankati, "Maungu onsewa amadya njoka imodzi? Chilungamo chili kuti?" Tsono anakathyola nzimbe munda wathunthu, n'kuyamba kugawira ochemerera. Nkhanga mfundo zitatu, Nungu mfundo zinayi, Pusi ndi abale ake mtolo.

Nzimbe zili kukamwa, a Mvuu anakwera pachulu.

"Ine ndikubweretserani chitukuko," anatero. "Bwalo ili ndi lafumbi, ndi lachikale. Ndikalowa, Gwedeza yense asamukira pakati pa dziwe. Zofupa muzidzaponya m'madzi, ndizidzazisunga ndekha. Amene sadziwa kusambira azidzamvera patali."

"Lululululu!" anatero Nkhanga, amene kusambira sankakudziwa. Pakamwa potsekemera makutu amagontha, ana inu.

Mmodzi yekha sanatafune nzimbe. Ameneyu anali Sakhwi, kanyama kochepa ngati mbewa, kamphuno kakatali kolowa paliponse. Sakhwi analibe udindo uliwonse ku Gwedeza. Anali wochemerera chabe, koma sanajombepo. Anali ndi malo ake pamuzu wa mkuyu, pomwe mayi ake anamukhazika tsiku loyamba kumva Mgugu, ndipo muzuwo unachita kusalala ndi kukhalapo kwake. Madzi ofika m'mawondo a Nkhanga, Sakhwi akanamira. Bwalo likapita padziwe, ndiye kuti iye ndi Gwedeza asiyana mpaka kalekale.

"Pepani akuluakulu," anatero ndi kamawu kake, "nanga ife ang'onoang'ono tizidzaonera pati?"

A Mvuu anasuzumira pansi. "Kakulankhula ndi kachiyani? Kankhupakupa?"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Sakhwi anapita kwawo mtima ukuwawa, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Lachisanu m'mawa anapita kukatsanzikana ndi muzu wake. Pabwalo anapezapo mayi Ng'azi okha. Mayi amenewa ndiwo ankakunga ng'oma, kuiwamba pamoto ndi kuimata phula, ndipo ochemerera ambiri sankadziwa n'komwe kuti aliko. Anali chogwada pa Mgugu, akusoka penapake.

"Mwadzuka bwanji mayi? Kodi Mguguyu m'madzi akalira?"

"Chikopa chikanyowa sichilira, mwanawe. Komanso chatha ichi. Chikufunika chatsopano."

"Chatsopano chimachokera kuti?"

"Kwa mtsogoleri. Ndilo lamulo loyamba la Gwedeza. Mgugu amavala chikopa cha mtsogoleri. A Nsato akafundula, amabwera nacho kuno mbandakucha, ine n'kukunga."

Musandifunse kuti chikopa cha njoka chingalire bwanji pang'oma. Nsato za kale sizinali ngati zanu za leroli. Chimene Sakhwi anaona n'chakuti mayi Ng'azi polankhula ankabisa nthiti zawo ndi mkono, ngati pakuwawa. Kamphuno kake kanangoyamba kugwedera, nyomi nyomi nyomi.

"A Mvuu lamuloli akulidziwa?"

"Iwo aja anafikapo pano m'mawa?" anatero mayi Ng'azi, n'kupitiriza kusoka.

Loweruka linafika. Nyama zinadzaza bwalo mpaka kunthambi. A Nsato anali pampando, maso ali tsinzinitsinzini. A Mvuu analowa adzola mafuta a nsatsi, thupi lonse lili ng'aning'ani. Ndipo amene anali patsogolo kuwachemerera, kudumpha kuposa wina aliyense, anali Sakhwi.

"A Mvuu omwewo! Kuti wawawa! Bwana, ndikhululukireni za tsiku lija, unali umbuli. Ndaganiza bwino. Gwedeza sanaonepo mtsogoleri ngati inu."

"Kayamba nzeru kankhupakupa," anatero a Mvuu.

Nthungululu zinalira mpaka masamba a mkuyu kuyoyoka. Zitatha, Sakhwi anakwera pamwamba pa Mgugu kuti amveke.

"Anzanga ochemerera! Pali ena akunong'ona kuti a Mvuu sangafike pomwe anafika a Nsato. Bwana, atsekeni pakamwa. Kodi zonse zimene a Nsato ankachitira Gwedeza, inu mudzachita?"

A Mvuu anayang'ana mulu wa maungu. "Zimene ankachita njokayi kamodzi, ine ndidzachita kawiri!"

"Mwamva? Akuti kawiri! Lumbirani bwana, amve mpaka akumbuyo."

"Pali malemu amayi anga m'dziwe, kawiri!"

"Lululululu!"

Pomwepo Sakhwi anadumphira pamsana pa a Mvuu n'kuyamba kuthamanga, kuchokera pakhosi mpaka kumchira, kuchokera kumchira mpaka pakhosi, akuwerenga mapazi. Tapatapatapa, tapatapatapa.

"Ukutani kumsana kwanga?"

"Ndikuyeza, bwana. Mayo ine, chuma chake! Apa pokha patuluka Mgugu. Mbali iyi ng'oma zisanu. Kumimbaku ting'oma ta achule tonse. Anzanga, tangoganizani kulira kwake! Ngati chikopa chopyapyala cha a Nsato chinkamveka kuseri kwa mapiri, nanga ichi chokhuthala ngati chitseko?"

"Chikopa chanji?" anafunsa a Mvuu. Mawu awo anali atachepa.

A Nsato anatsegula diso limodzi. "Lamulo loyamba, mphwanga. Mgugu amavala chikopa cha mtsogoleri. Ine ndinkapereka chaka ndi chaka. Iwe wati kawiri, ndakunyadira."

Ochemerera anapenga ndi chimwemwe. Nkhanga anayambitsa nyimbo, onse n'kuvomera akuwomba m'manja:

Fundulani bwana, fundulani!
Mgugu ali maliseche, fundulani!

Mayi Ng'azi anabwera ndi dengu la zikhomo, n'kugwada mwaulemu. "Bwana, mufundulira pano kapena kuseri? Phula ndatenthetsa kale."

A Mvuu anayang'ana uku, anayang'ana uku. Kuthawa manyazi, kukana analumbira. Anati mwina kufundula n'kosavuta, poti njoka yopanda ndi manja omwe imatha. Anapita pamkuyu n'kuyamba kudzikhuza. Khwee! Khwee! Makungwa anasupuka, chikopa chili pomwepo. Anadzigubuduza pamiyala. Gubudu! Gubudu! Miyala inasweka, chikopa chili pomwepo. Anafufuma, anabanika, anakankha ngati wadya magwafa osapsa. Chinatuluka ndi china, chimene sindingatchule pamaso pa apongozi.

Tsono mukudziwa kuti mvuu ikatenthedwa thukuta lake limafiira. Pusi ataona anakuwa, "Chayamba kusupuka! Onani magazi! Athandizeni!"

"Ndiboole poyambira," anatero Nungu, akusolola munga wautali.

"Ine ndigwira kumchira, tikokere kumutu ngati malaya," anatero Pusi.

"Modekha, musaching'ambe," anatero Sakhwi. "Kumbukirani tikufuna ziwiri. China adzapereka mvula ikagwa."

A Mvuu ataona munga wa Nungu ukuyandikira, za amayi awo anaiwala. Analiyatsa liwiro. Anagunda mulu wa maungu, anaponda dengu la zikhomo, anatsetsereka pamtunda, didididi, mpaka m'dziwe, khuvuu! Panangotsala timakutu ndi maso. Mpaka lero ndi mmene amakhalira masana, ndipo akamva ng'oma amamira.

Kuseka kunatha. Wolowa pampando palibe, Mgugu ali wong'ambika. Mantha anawagwira ochemerera, ndipo anayamba kulira nyimbo yawo yakale. "A Nsato bwererani! Kachinayi kokha!" Nkhanga amene uja ndiye ankalira kwambiri.

"Ayi," anatero a Nsato. "Ndikuuzeni chimene ndakhala ndikubisa. Njoka ikakalamba kufundula kumavuta. Ine zaka zitatu zapita osatulutsa kanthu. Manyazi ndi amene anandikhazika pampandopa."

"Zaka zitatu? Nanga Mgugu wakhala akulira ndi chiyani?" anafunsa Nungu.

"Bwerani muone," anatero Sakhwi.

Anayandikira. Kwa nthawi yoyamba ochemerera anaiyang'anitsitsa ng'oma imene ankaidziwa ndi makutu okha. Inali zigamba zokhazokha, ting'onoting'ono, tamawangamawanga, tosokedwa bwino kwambiri moti msoko sumaoneka. Mawangawo sanali a nsato. Onse anatembenukira kwa mayi Ng'azi, amene anali kutola zikhomo zawo m'fumbi, mkono uli panthiti.

"Ife ang'azi sitifundula chathunthu," anatero mayiwo mwamanyazi. "Chimachoka pang'onopang'ono. Ndiye pakabooka ndimamatapo. Nthawi zina ndimachotsa chisanakonzeke, poti Loweruka silidikira."

Kenaka Sakhwi anati, "Lamulo likuti Mgugu amavala chikopa cha mtsogoleri. Ndiye ndifunse, anzanga. Zaka zitatu zonsezi, mtsogoleri wathu anali ndani?"

Nthungululu zimene zinalira pamenepo zinaposa za nzimbe zija kutalitali. Achule anayamba nyimbo osauzidwa. A Nsato anatsika pampando okha, n'kupumira m'mwamba ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni.

"Ine ndinkanena kale kuti Ng'azi," anatero Nkhanga.

"Wabodza, ndinayamba ndine," anatero Pusi.

"Komatu mayiwa ndi ofatsa kwambiri," anatero Nungu. "Tiona ngati afike chaka."

Mwaona? Ochemerera sachira.

Mayi Ng'azi anangolamula zinthu ziwiri. Choyamba, bwalo silisuntha. Chachiwiri, aliyense wofundula, buluzi, nalimata, ngakhale a Nsato zikadzatheka, azibweretsa kachigamba kake, kuti nthiti za munthu mmodzi zipoleko. Atatero anawamba Mgugu pamoto, n'kumuyesa. Du! Du! Du!

Sakhwi anabwerera pamuzu wake. Anaupeza uli pomwepo, wouma, wosalala. Anakhala pansi, mtima uli m'malo. Anasangalala kwambiri moti analira pang'ono, ndipo gule woyamba sanamuone bwino chifukwa cha misozi.

Nthano yanga yafundulira pomwepa, chikopa chake ndi icho, wofuna akakunge ng'oma. Wina aphule mbatata zija zisanasanduke makala. Koma inu akuluakulu amene mumati mukusinza, akadzabwera wina ndi mtolo wa nzimbe kufuna mpando, nzimbezo tafunani, n'zokoma. Mukatha mumufunse kuti, "Bwana, mufundulira pano kapena kuseri?"