Diso Lakumanzere la Nangozo

Gwape wina wamkazi, dzina lake Nangozo, ankakangana ndi mchimwene wake Zuze chifukwa cha kiyi. Nangozo anali atafa diso lakumanzere, ndipo sankafuna kuti Kambuku adziwe. Dokotala Nadzikambe ankasunga mbiri za odwala pa intaneti, koma asanazitumize ankazisokoneza ndi makina kuti zisawerengeke. Zinkawerengeka pokhapokha wina akalemba mawu achinsinsi, ndipo mawuwo ndiwo ankatchedwa kiyi.

Kambuku anaba mbiri zonsezo, n'kupeza zilembo zangoti balala ngati popalasa nkhuku. Anazondotsa foni yake, anainunkhiza, anainyambita, osamvapo kanthu. Anayamba kuwonda.

Koma Zuze ankakonda ulemu kuposa msipu.

"Mlongo, mwini mbumba ndine," anatero Zuze. "Matenda ako awadziwe Nadzikambe, ine ayi?"

"Achimwene, adokotala anati kiyi ndi yanga ndekha."

"Ndiye ukafa adzakuike Nadzikambeyo."

Nangozo anaopa maliro opanda abale, ndipo anamunong'oneza kiyi ija.

Pasanapite nthawi, Kambuku anabwera kudzazonda wodwala atanyamula mbale ya phala. Nangozo anathawira kuseri kwa chulu. Zuze anayala mphasa.

"Adzuka bwanji odwala athu?" anafunsa Kambuku.

"Mwabwera ndi phala, bwana, sitingakubwezeni osakufotokozerani matenda," anayankha Zuze. Analemba kiyi pa foni ya Kambuku, zilembo zija n'kukhala m'mizere. "Tawerengani nokha, maso angawa atopa."

Kambuku anawerenga mofatsa. "Lakumanzere eti? Pepani kwambiri."

Kambuku anakamugwirira Nangozo kuchitsime. Anachokera kumanzere.

Pamaliro, Zuze anaimirira nadzudzula makina a Nadzikambe kuti ngosadalirika. Kenako anathokoza onse amene anazonda malemu, makamaka a Kambuku. Mwana wa Nangozo, gwape wa nyanga kale, atafuna kulankhula Zuze anamukoka mchira, amvekere mwana salankhula pasiwa. Anthu a mpingo wa nyama anaimba, Kambuku akutsogolera nyimbo. Chakudya chitabwera, onse anadya kwambiri, kupatula Kambuku amene anati ngokhuta.

Potsazika, Kambuku anagwira dzanja la Zuze.

"Nanga inu, bambo, ndinamva kuti mwendo ukukuvutani. Ndi uti kodi?"

"Mwachita bwino kufunsa," anatero Zuze, akupisa m'thumba kutulutsa foni.

Phunziro: Makina amatseka chinsinsi cha wodwala ndipo mbala imalephera. Amatsegula ndi abale ofuna ulemu, omwe amadzakhalanso kutsogolo pamaliro. Kiyi ya matenda ako ndi yako ndi dokotala wako basi.