Mtsuko wa aNangondo ndi Mapira a Mbewu

Dzulo pamsika ndinaona ndowa za pulasitiki zitaunjikidwa, zofiira, zobiriwira, zachikasu. Ndisanapite ku Joni, pamalo omwewo pankakhala mbiya zadothi, ndipo malemu akazi anga ankazigogoda ndi chala kuti amve ngati zili ndi mng'alu. Nthano iyi ndinaimva kwa iwo. Senderani kuno.

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali mayi woumba mbiya, aNangondo. Munda wawo unali miyala yokhayokha, koma dothi linkawamvera. Kutsidya kwa mtsinje kunali alimi a mapira. Mwambo unali wakuti wofuna mbiya aidzaze mapira mpaka pamlomo. Mapira kwa woumba, mbiya kwa mlimi.

Chaka china mvula inadula msanga, mapira anachepa, ndipo ana a aNangondo anayamba kuonda. Mayiwo anasenza mbiya zawo kupita pamkuyu wa padooko, pomwe anthu ankasinthanirana katundu.

Analoza ndi chala pamlomo pa mbiya, pofika mapira, monga mwa kale. Anthu anagogoda, anayamikira, anabwerera osagula. ANangondo anatsitsa chala kufika pakhosi pa mbiya, koma anabwera munthu mmodzi yekha. Njala itawawa, analoza pamimba pa mbiya. Apa anthu anathamangirana, mbiya imodzi kugwiridwa ndi manja ambiri, ena kubwerera opanda kanthu. ANangondo anaona kuti atsitsa kwambiri, choncho anakweza chala n'kuchiika pamapewa. Pamenepo ofuna mbiya ndi mbiyazo zinakwanirana. Oumba anzawo nawonso anatsata pamapewa, popeza wokweza ankakhala yekha, wotsitsa ankadzibera yekha.

Kenaka kunabwera aNamaseko a kutsidya, omwe ankafuna mbiya zofululira mowa wa ukwati wa mwana wawo.

"Anzanga, mbiya zanuzi mapewa ake ali m'mwamba ngati a munthu wonyada," anatero.

"Mapira anuwo ndiye amanyazi, achemwali. Sakufuna kutuluka m'dengu."

Anaseka, anathira. Mbiya yoyamba, onse anakondwa. Yachiwiri, onse anakondwa. Yachitatu, anayamba ayang'anana kaye, komabe anathira. Tsopano kwa aNangondo kunatsala mtsuko umodzi, wotungira madzi a ana awo. M'dengu la aNamaseko munatsala mapira a mbewu.

Mlamu wa aNamaseko, aChimtengo, munthu wokonda kukonza za eni, anati msinthano wokoma chotere suyenera kuthera panjira. Ananyamula mtsuko uja n'kuuika kwa aNamaseko. ANamaseko anamwetulira, koma aNangondo anafunsa kuti ana amwera chiyani mpaka dothi lina liume. Bamboyo anaubweza, n'kukankhira dengu kwa aNangondo. Apa aNamaseko ndiwo anafunsa kuti adzala chiyani mvula ikagwa. AChimtengo anayesa zonse ziwiri pamodzi, mtsuko uku, mbewu uko. Onse awiri nkhope zinagwa.

"Alamu, bwezerani momwe munazipezera," anatero aNamaseko. "Pomwe tinaima mpomwe pali pabwino. Kupitirira apa, wina alira."

AChimtengo anabweza, akukanda m'mutu. Ana a aNangondo anadya mpaka masika, mtsuko wawo uli pakhonde. Ukwati unavinidwa, mbewu inalowa m'nthaka. Sindikunena kuti analingana chuma, ayi. ANamaseko anali ndi nkhokwe, anzawo analibe. Koma pa zomwe aliyense anabwera nazo, panalibe chokoma chomwe chinatsala pamkuyu paja.

Phunziro ndi ili: sinthanani pamene nonse mukusekerera, ndipo lekani pofika poti kusekeretsa mmodzi n'kuliritsa mnzake. Amayi ajawa sanapite kusukulu, koma ankadziwa poimira. Ine m'misika yonse ya kutali ndinaona anthu ochepa odziwa zimenezi.

Kayang'aneni mbatata ija paphulusa. Ngati yapserera, nthano nayo yathera pomwepa. Koma mwini nthanoyi anapita, ndipo ine maso ayamba kuchita chifunga. Wina mwa inu atenge cholembera ailembe, asaiwale kuti chala chinaima pamapewa.