Njiri ndi Mita ya Galimoto Yake

Kalekale, abale anga, nyama zinkayankhula, ndipo zina zinkayendetsa magalimoto. Musandiyang'ane choncho, ine ndinamva kwa amene anakwerako.

M'chigwa china munali Njiri, mwini wa galimoto yokhayo ya m'chigwamo. Inali pikapu yakale, chitseko chomanga ndi waya, hutala yolira ikafuna. Nyama zinkaiseka. Koma wina akadwala, ndi yomweyo inkamunyamula kupita naye kuchipatala kuseri kwa phiri. Kupita ndi kubwera, ulendowo unali makilomita 120.

Chaka china mvula yoyamba inalowa pagalasi n'kudonthera mu dashibodi, ndipo mita yowerenga mtunda inazima. Njiri anayenda dzinja lonse mita ili yakufa.

Tsiku lina kunabwera Mbawala, amene anali woyembekezera. Anati, "A Njiri, anamwino akuti mwana wagona mopingasa. Akuti matenda akangoyamba ndithamangire kuchipatala. Galimoto yanuyi idzandifikitsa?"

"Idzakufikitsani, mayi," anatero Njiri.

Anayankha ndi pakamwa, koma maganizo ake anali pa injini. M'kati mwa injini muli lamba amene saoneka, ndipo amafunika kusintha galimoto ikayenda makilomita 100,000. Lambayo salira, sachenjeza. Akaduka, injini imafera pomwepo. Chouza munthu kuti nthawi yakwana ndi mita, ndipo mita ya Njiri inali itazima.

Ndiye Njiri anapita kwa Nyani, wogulitsa zitsulo zochotsa m'magalimoto akufa. Nyani anamupezera dashibodi, naimanga. Atayatsa, manambala anawala: 40,000.

"Taonani, achimwene!" anakuwa Nyani. "Galimoto yanu yabwerera kuunamwali!"

"Koma si nambala yake," anatero Njiri.

"Ndiye chiyani? Akafunse ndani? Isiyeni choncho."

Ndinene zoona, Njiri zinamukomera. Anali atatopa ndi kusekedwa. Anachoka kwa Nyani kamchira kali njo m'mwamba.

Panjira anapatukira kwa mlamu wake Fisi, wogulitsa magalimoto akale pamsika, kuti akamuonetse. Fisi anasuzumira, naseka kuseka kwake kuja.

"Alamu, 40,000 yachuluka! Bwerani nayo ndiibweze ifike pa 10,000. Yangayi ndaibweza katatu, ndipo aliyense amati ndi yatsopano."

"Nanga lamba mumasintha liti?" anafunsa Njiri.

"Lamba? Akaduka ndidzadziwa."

Mawu amenewo anamulowa Njiri ngati munga. Anaona m'maganizo mwake Mbawala ali pakati pa phiri, injini ili zii. Kamchira kaja kanagwa.

Kachitatu anapita kwa mayi Bilimankhwe, katswiri wokonza mamita. Mayiwa ankagwira ntchito pang'onopang'ono, moti wowadikira ankatha kugona n'kudzuka iwo asanamasule bawuti imodzi. Analumikiza kachingwe ka kompyuta yawo ku dashibodi, diso lina likuyang'ana mita, lina likuyang'ana Njiri.

"Bambo, nambala iliyonse ndikhoza kuika," anatero. "Kusintha ndi chibadwa changa. Koma khungu langa lokha ndi limene ndimasintha mwachisawawa. Pa mita ndimaika zoona. Galimotoyi yayenda mtunda wotani?"

"Ndaiwala, mayi."

"Tsegulani boneti."

Njiri anatsegula. Mayi Bilimankhwe anapukuta fumbi kunsi kwa bonetiyo, ndipo panaoneka zolemba za penti yoyera. Analemba ndi Nungu, makaniko wakale wa Njiri, amene anali atasamukira kwa ana ake. Iye akagwira ntchito pagalimoto, ankazula munga wake umodzi, n'kuuviika mu penti, n'kulemba nambala ya pamita. Pamwamba panalembedwa kuti lamba watsopano anaikidwa pa 200,000. Pansi penipeni panalembedwa kuti oyilo anasinthidwa pa 290,000.

"Oyilo ameneyu anathira liti?" anafunsa mayiwo.

"Dzulo lake la mvula imene inapha mita."

"Chabwino. Kuchokera pamenepo mwayenda maulendo angati akuchipatala?"

Njiri anakanda mutu. Anakanda, anakanda, osatuluka kanthu.

"Inu mwaiwala chifukwa munkangoyendetsa," anatero mayi Bilimankhwe. "Amene ankamva ululu sanaiwale. Kawafunseni."

M'mawa mwake Njiri anaika beseni pansi pa mtengo wa mkuyu, naitana chigwa chonse. Anati aliyense amene anamunyamula dzinja lija aponyemo mwala umodzi pa ulendo uliwonse.

Gologolo anabwera. "Ine kawiri, dzino lija." Miyala iwiri, gwe, gwe.

Njati anabwera. "Ine kamodzi, tsiku limene mwana wanga anameza chisonga." Mwala umodzi, gwe.

Anabwera ena, anabwera ena, aliyense ndi nkhani yake. Ena ankaponya mwala akuseka, ena akupukuta misozi. Njiri anangoima pambali, akuonerera. Sankadziwa kuti chiphapha chimene ankachita nacho manyazi chinanyamula chigwa chonse.

Dzuwa litapendeka, miyala inakwana 75. Njiri ati anyamule beseni, anamva mawu kumbuyo: "Dikirani!" Anali Fulu. Ananyamuka kwawo m'mamawa monga anzake, koma mukumudziwa. Anafika ndi miyala isanu ya msana wake uja.

Mayi Bilimankhwe anawerengera maulendo 80 aja a makilomita 120 uliwonse, naphatikiza ndi nambala ya oyilo ya Nungu ija. "Yoona ndi 299,600," anatero.

Njiri anayang'ana 40,000 ija komaliza. "Ndiye galimoto yanga ikalambenso?"

"Inakalamba kale, bambo. Mita ikungofunika ivomereze. Ndiike?"

"Ikani," anatero Njiri.

Anaika. Ndipo poti lamba anali atatsala ndi makilomita 400 okha, anatsegula injini tsiku lomwelo. Abale anga, mukanaona! Lamba yense anali ming'alu yokhayokha, mano ena atagweruka, mbali imodzi itatsala ulusi. Njiri anathamanga kukagula wina. Anaika lamba watsopano, ndipo mayi Bilimankhwe analemba nambala yake kunsi kwa boneti.

Njiri anayendanso maulendo atatu. Ndiye m'mawa wina, dzuwa litangotuluka, uthenga unafika kuti Mbawala matenda ayamba. Anamugoneka kumbuyo pamphasa, azimayi awiri atamugwira, ndipo pikapu inauyamba ulendo.

Pachitunda choyamba anapeza Fisi ataima pambali pa msewu, boneti ili yasa, manja ali m'mutu.

"Alamu, lamba waduka! Koma mita ikuti 10,000!"

"Ndiye mwadziwa tsopano!" anakuwa Njiri osaima. "Ndikukokani pobwerera!"

Pikapu inakwera, inakwera, inakwera. Kumbuyo Mbawala ankabuula. Atafika pamwamba penipeni pa phiri, pamene palibe mudzi kapena chitsime, Njiri anaona manambala akutembenuka onse pamodzi: 300,000. Anagwira chiwongolero zolimba, natchera khutu. Injini inangopitiriza kuyimba.

Kuchipatala, namwino Kakowa anawalandira akuthamanga. Njiri anakhala panja pabenchi, akudikira. Patapita nthawi anamva kulira kwa khanda, ndipo Kakowa anatuluka.

"Onse awiri ali bwino," anatero. "Koma mukanachedwa ola limodzi, bambo, bwenzi tikunena zina."

Njiri, chinyama cha minyanga, analira ngati mwana. Atapukuta misozi anadzuka, nakafuna chingwe chokokera mlamu wake.

Phunziro lake ndi ili: chinthu chimene chimakuuzani zoona musachiphunzitse bodza, ngakhale bodzalo likukukometsani. Tsiku lina moyo wa wina udzadalira zimene chinthucho chikunena.

Nthano yanga yafika, ndazimitsa injini, tsikani.