Mvuu ya a Gondoloza

A Gondoloza, mwini ng'ombe zambiri, anatchinga mtsinje ndi mpanda n'kuika chipata pakati. Tsiku lina Nasibeko anafika pabwato lodzaza nthochi.

"Siyani mkoko umodzi, mayi," anatero a Gondoloza. "Madzi ano ndi anga."

"Ndi zonse zili m'madzimo, bambo?"

"Zonse! Ngakhale achule."

Nasibeko anakuwira anthu amene ankalima m'madimba. "Mwamvatu nokha! Mwini wa mvuu ija yatithera mpunga wapezeka. Paja chiweto chikadya m'munda, wolipira ndi mwini wake."

Anthu anataya makasu n'kubwera chothamanga, aliyense ndi mlandu wake.

A Gondoloza analumphira m'madzi ndi nsapato zomwe, n'kuyamba kuzula mpanda.

"Dutsani, mayi! Mvuu imeneyo ine sindiidziwa, n'chilombo cha Mulungu!"