Dzino la Amalume

Mkulu wa yunivesite ina, a Phambala, adalowa mumsonkhano wa seneti atagwira tsaya, dzino likuwasautsa. Paja seneti ndi bungwe la aphunzitsi lovomereza amene wakhoza mayeso, koma bwanawo ankaliyesa khasu lawo.

"A Nachisale, mwalepheretsa mphwanga Fatsani pa udokotala wa mano. Mumkhozetse lero, apo ayi ntchito yakutherani."

Mayi Nachisale, mphunzitsi wa za mano, adawomba m'manja mwaulemu.

"Mwana wa alongo anu angalephere, bwana? Tidangolakwitsa ife osaphunzirafe. Kwangotsala kuti azule dzino pamaso pa seneti, ndipo mwamwayi wodwala tili naye pompano. Muitaneni Fatsani abwere ndi pulayala, amalume ayasamule."

Bwana adatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Seneti ilemekezedwe," adayankhulira m'mphuno. "Abwereze chaka!"